Mayina Akamakwera

Filimu yatha, magetsi ayaka,
Doncaster yense wanyamuka ndi majekete ake
kuthamangira basi yomaliza.
Ine ndatsala pampando.
Mayina akukwera pakhoma ngati nyerere zosamuka,
ndipo zeze wamkulu uja, amene analira mwana atamira,
wabweranso kudzatsanzika.
Mnyamata wa tsache wandiyang'ana kawiri.
Pepa mnzanga, mbuliwuli zili pansizo zidikire,
munthu sachoka pamaliro nyimbo ili pakamwa.

Lonjezo ali panja, akuuzira mpweya m'manja,
foni yayaka kale.
Ali ndi anyamata ake awiri a ku Leeds,
aja amakhala pa sofa yofiira Lachisanu lililonse
kuzenga mafilimu ngati mlandu wa mbuzi.
Nyenyezi zitatu, atero. Nkhani yake ndi yowonda,
pakati pake ikukwawa.
Mphindi makumi anayi akutafuna mawu,
za nyimbo angoti: zinali bwinobwino.
Bwinobwino!
Ngati akuyankha moni wa pamsewu.

Lonjezo akuti ndimakokomeza.
Akuti nyimbo ya mufilimu ndi anyezi,
amakuliza popanda maliro.
Akuti chotsani mavayolini onsewo muone
ngati wina angagwetse msozi.
Akuti yabwino ndi imene suimva n'komwe,
ngati firiji ya kukhitchini.
Ndikuti iwe, firiji ikazima pakati pa usiku
ndani sadzidzimuka?

Mnzangayu anakulira ku Namiwawa, kanema ali pabalaza.
Ine filimu ndinaiphunzira ndi khutu,
ku Bangwe, kuseri kwa chisakasa cha vidiyo cha a Kaliwo,
m'thumba mulibe ya pakhomo.
Sipika inali panja, yomangidwa ndi waya pa bulugama.
Tinkakhala pa njerwa, ine ndi Zaithwa.
Ng'oma ikagunda pansipansi: chigawenga chalowa.
Zonse zikati zii: wina afa tsopano.
Chitoliro chikayamba: akupsompsonana, tseka maso!
Ndipo tinkatsekadi,
kuchita manyazi ndi zinthu zimene sitinkaziona.
Olipira akatuluka n'kumafotokoza,
ife a panja tinkawakonza.

Mawa ndili pa shifiti ya usiku.
M'chipinda cha kumapeto muli Mayi Holroyd,
amene dzina la mwana wawo linawathawa.
Lero amanditchula Brenda, mawa adokotala.
Koma pa kanema pakabwera filimu yakalekale,
ija ya zithunzi zotuwa ngati phulusa,
malipenga akangoyamba
chala chawo chimadzuka pa bulangete
n'kutsogolera gulu lonse la oimba
osaphonya ngakhale pamodzi.
Kenako amati: mvula inkagwa, anandibwereka ambulera.
Ndani, mayi?
Sakudziwa. Nyimbo ndiyo inasunga.
Ndimalakalaka anyamata a pa sofa yofiira aja
atabwera tsiku limodzi, avule nsapato pakhomo,
adzawerenge nyenyezi zawo pamenepo.

Basi yatisiya.
Tikuyenda wapansi kudutsa mashopu otseka,
Lonjezo akung'ung'udza za mtengo wa takisi,
za ine ndi mayina anga okwera pakhoma,
mayina a anthu osandidziwa,
za alamu yake ya faifi koloko.
Akuti tsiku lina adzanditsekera momwemo
ndidzagone ndi azeze angawo.
Kenako chete. Chisanu chikutafuna makutu,
nsapato zathu zokha pa msewu wonyowa.

Pa mlatho wa sitima ndikumva kamluzu,
kotsika, kokwera, kotsikanso pang'ono,
kophonya pomwe pafunika kukoka mpweya.
Zeze uja, wa mwana womira,
akutuluka pakamwa pa Lonjezo,
manja ali m'thumba, maso ali kutsogolo.

Sindinena kanthu.
Ndikanena, asiya.